Mawu Amene Ali m'Bokosi la Tanveer

Lolemba, 6 Juni

Shagufta wandipatsa kope ili. Akuti ndizilemba m'malo moyankhula ndi khoma. Ndi mwana wanga wamkazi ameneyo, ndiyenso anandiphunzitsa zilembo iye ali pasukulu, ine ndili kale ndi imvi. Sukulu sindinaipondeko. Ndinakulira kumbuyo kwa kavalo, kuyendetsa tonga, ngolo yonyamula anthu, kuchokera kusiteshoni ya Multan kupita kumsika, mpaka njinga zamoto zinatilanda msewu. Choncho dzanja ndi lolemera. Ndilemba pang'onopang'ono.

Mkazi wanga, mayi a Tanveer, tinawaika m'manda mwezi watha. Chelumu, sadaka ya tsiku la makumi anayi, ndi Lachinayi la sabata yamawa.

Chimene ndikufuna kulemba ndi ichi. Lero nditapemphera m'mawa ndinayesa kukumbukira mawu awo. Nkhope ikubwera. Manja akubwera, ndi chipsera cha pachala chimene anapsa ndi chiwaya cha chapati. Koma mawu ayi. Zimene ankanena ndikuzidziwa, koma ndikumazimva m'mawu anga omwe, amanzenene awa. Sindinauze munthu.

Lachiwiri, 7 Juni

Ndamuuza Shagufta. Anati, "Ababa, kaseti ya kanema ya ukwati wa achimwene ija ilipo."

Amayi ake foni ankaiopa. Ikalira ankaigwira ngati mbale yotentha n'kupatsira wina. Palibe pamene mawu awo anajambulidwa koma pakaseti imeneyo, tsiku lopaka hina, utoto wokongoletsa m'manja, amayi okhaokha pabwalo lamkati, iwo akutsogolera nyimbo. Kasetiyo inaduka chaka chatha, koma Shagufta anali ataisamutsira kale mu kompyuta. Ndi bokosi lakale la Tanveer, mwana wanga wamwamuna, analisiya popita kuntchito ku Sharjah. Shagufta amakonzerapo zithunzi za maukwati a anthu.

Wandionetsa. Ndawaona. Mpango wobiriwira, mutu wopendeka, kukamwa kukutseguka. Koma phokoso! Chimkuzamawu panja, jenereta, ng'oma. Mawu awo ngakhale pang'ono.

Akuti ali ndi pulogalamu imene imasefa phokoso monga amasefera ufa, zinyalala uko, mawu a munthu uku. Koma ndi ntchito yolemetsa, bokosi liyenera kukoka masana onse osapuma. Anayambitsa titadya. Fani ya m'katimo inayamba kulira ngati mphepo ya fumbi. Tiyi wanga asanazizire, thi! Lazima lokha. Ukaligwira pamwamba, moto.

Ndinati tipite nalo kwa anyamata okonza makompyuta kumsika. Anandiyang'ana.

"Ababa, azakhali akuvina mutu uli pamtunda. Alamu alibe mpango. Mukufuna anyamata a kumsika aonere zimenezo akumwa tiyi?"

Zoona. Sindinaganize. Bokosi silituluka m'nyumba muno.

Lachitatu, 8 Juni

Lazimanso, kawiri. Kunja phula likumata nsapato.

Lachinayi, 9 Juni

Tapereka chakudya kumzikiti monga Lachinayi lililonse chichokereni iwo. Mpunga ndi mphodza.

Tanveer anaimba masana ali pantchito, kumbuyo kwake makina akulira. Ndinamufotokozera za bokosi. Anati, "Nkhani ndi volteji, Ababa, ndinai..." foni n'kuduka. Koma ine mtima unakhala pansi, chifukwa matenda amenewo ndimawadziwa. Ndani sawadziwa m'dera lathu lino? Nyengo yotentha ikafika babu limafiira ngati khala, fani ya kudenga imazungulira ngati ikupepesa, filiji imabuula. Volteji yatsika. Umapita pa sitebilaiza, n'kupotokola kachitsulo kaja kupita m'mwamba, zinthu n'kudzuka. Moyo wanga wonse volteji sinachulukepo m'nyumba ya munthu wosauka. Imangochepa.

Ndinapita kwa Ustad Fida. Mnzanga wa kalekale, amakulunga mawaya a masitebilaiza kuseri kwa mzikiti. Ndinamupeza atavula malaya, akudya mango, madzi akuyenderera m'zigongono.

"Wabwera, mwamuna wa akavalo! Ndimati nawe watsatira."

"Ndikatsatira akusambitsa ndani iwe? Agalu?"

Anaseka, kenako anandigwira dzanja nthawi yaitali. Pamaliro analira kuposa ine.

Nditamuuza anati, "Basi? Mawa tikatuluka ku mapemphero a Juma ndibwera ndi chachikulu chija. Chimadzutsa pampu ya madzi, chingalephere kabokosi?"

Lachisanu, 10 Juni

Fida anabwera nacho panjinga, cholemera ngati mwana wa njati. Shagufta atachiona anaika dzanja pamphumi.

"Amalume, si volteji ya kukhoma. Ndi ya m'kati."

"Volteji ndi volteji, mwana wanga. Ndinayamba kuigwira iwe usanabadwe. Inandiponyapo pansi katatu, timadziwana."

Anamulekerera chifukwa ndi wamkulu. Analumikiza, anapotokola, singano inakwera. Tinayambitsa kusefa kuja. Fani inalira. Thi.

Fida anakanda ndevu. Anati mwina bokosilo lili ndi majini. Anamwa tiyi n'kupita, chitsulo chake n'kuchisiya pakhonde.

Atapita, Shagufta anati andionetse kuti ndisamavutitse anthu. Bokosi likamadzuka, lisanatsegule maso bwinobwino, umadina batani lina msangamsanga. Pamatuluka sikirini ya buluu, zolemba zachizungu zokhazokha. Akuti imeneyo ndi BIOS, kumene bokosi limasungira malamulo ake. Anatsika ndi kamuvi mpaka pamzere wina. Zilembo zachizungu sindiziwerenga koma nambala ndimazidziwa. Panali 1.45.

"Iyi ndiyo volteji imene pulosesa ikudya, Ababa. Pulosesa ndiye ubongo wake, kanthu kakang'ono ngati bisiketi, kali pansi pa fani. Magetsi a kukhoma bokosi limawaphwanya lokha mpaka atsale ochepa chonchi."

Ndinadabwa. Wani yekha ndi nyenyeswa! Kukhoma kuli mazana awiri ndi kanthu, iko kakupatsidwa wani. Ndinati m'mtima, n'chifukwa chake kakukomoka, kali ndi njala.

Anandionetsa kuti batani la kuphatikiza limakweza, la kuchotsera limatsitsa, lina pamwamba limasunga. Koma sanasinthe kanthu. Anati ayambe wayankhula bwino ndi mchimwene wake, si malo oseweretsa. Ine ndinayang'anitsitsa zala zake.

Loweruka, 11 Juni

Ndilemba mmene zinachitikira.

Shagufta anapita m'mawa kwa azakhali ake kukakambirana za miphika ya chelumu. Ndinatsala ndekha. Ndinasesa pakhonde. Ndinathirira mtengo wa ndimu. Kenako ndinapezeka ndakhala pampando wake.

Ndinaganiza chonchi. Mwanayu watopa, zonse zili pamutu pake. Tanveer ali kutali. Masiku akutha. Chinthu chili ndi njala, ine ndikudziwa pamene pali chakudya chake. Akabwera apeze ntchito yatha.

Ndinati Bismillah, ndinayatsa, ndinadina batani lija. Sikirini ya buluu inabwera. Ndinatsika mpaka pamzere uja. Ndinadina kuphatikiza. Nambala inakwera pang'ono kwambiri, moti ndinati izi sizingakhutitse ngakhale mpheta. Ndinadinanso. Ndinadinanso. Nambala inasanduka yachikasu, kenako yofiira. Ndinati eya, tsopano magazi abwera. Ndinasunga.

Linazima kuti lidzukenso monga limachitira. Fani inakuwa kukuwa kumene sindinakumvepo. Sikirini bii. Linazima. Linadziyatsa lokha. Linazima. Linadziyatsa. Ngati munthu amene akuyesa kudzuka pamphasa koma mikono ikukana. Ndinaonapo zimenezo posachedwa m'nyumba muno. Ndinazula chingwe kukhoma. M'chipinda munali fungo la fumbi lopsa.

Ndinakhala pomwepo mpaka anabwera.

Anayatsa, osaona kanthu. Anandifunsa chimene ndachita. Ndinamuuza.

"Mwakweza?"

"Linali ndi njala."

"Ababa! Achimwene amati njochuluka! Anaikweza okha kalekale chifukwa cha magemu awo. Timafunika kutsitsa!"

Kutsitsa. Sindinamvepo chibadwire kuti munthu akudandaula kuti volteji yamuchulukira.

Anakhala pansi, mpango kumaso. Ndinafunsa ngati mawu aja apsa. Anati mawu ali pa disiki, sanapse, koma ngati pulosesa yafa alibe china chosefera, ndipo chelumu ndi Lachinayi. Kenako ananena mawu amene akundilasabe.

"Amayi ankanena zoona. Inu chilichonse n'kuwonjezera. Shuga m'tiyi, fani pa faifi, chilichonse."

Ankanenadi. Zaka zonse. Ine ndinkaseka.

Lamulungu, 12 Juni

Sitinayankhulane. Anaphimba bokosi ndi nsalu yoyera kuopa fumbi. Ndinaichotsa. Ndinaikapo yamaluwa.

Lolemba, 13 Juni

Tanveer anaimba m'mawa asanapite kuntchito, pa foni yoonana nkhope. Ndimayembekeza kuti akalipa. Anangoti, "Ababa, mwadya?" Waonda.

Anauza mlongo wake kuti atsegule chitseko cha m'mbali. M'katimo fumbi ngati thonje lakuda. Anamuonetsa kabatire kozungulira, konyezimira, konga batani la jekete. Akuti ukakachotsa n'kudikira pang'ono, bokosi limaiwala zonse zimene linauzidwa, zanga ndi zake zomwe, n'kubwerera mmene linabadwira. Shagufta anakatokosa ndi chikhadabo. Tinadikira. Ine ndinapukuta fumbi ndi burashi yometera ndevu. Anamasula fani, anapukuta pulosesa, anapaka phala lotuwa latsopano kadontho kamodzi. Ndinakaona kanthuko. Kakang'onodi.

Anabwezera zonse. Anayatsa. Bokosi linati pi, kamodzi. Zilembo zinabwera.

Ndinatuluka panja kaye.

Nditabwerera Tanveer anafotokoza, ndipo ndinamuuza kuti anene pang'onopang'ono. Akuti volteji ikachuluka pulosesa imatentha, ikatentha kwambiri imadzizimitsa kuti isapse. Sikomoka ndi njala, imathawa moto. Tsopano yabwerera pa muyezo wa kufakitale, koma a kufakitale amapatsa mowolowa manja kuti ikwanire aliyense, ndipo sanaganizire za Multan mwezi wa Juni ndi fani yokalamba. Ndiye titsitsebe.

Ndinafunsa kuti tiike pa nambala yanji. Anati palibe amene angadziwe. Ngakhale ziwiri zobadwa tsiku limodzi kufakitale imodzi sizidya mofanana. Umatsitsa kamodzi, n'kuipatsa katundu wolemera, n'kuyang'ana. Ikapirira, utsitsenso. Ikafika pouma gwaa, ndiye kuti wapyola, ubwerere m'mbuyo kamodzi. Pamenepo ndiye pake.

Atanena zimenezo ndinakumbukira Badal, kavalo wanga wotuwa. Chaka china kutentha ngati kuno anafooka, ine n'kumuwonjezera tchana, nyemba zimene timadyetsa akavalo. Anafookabe, ndinawonjezeranso. M'mawa wina ndinamupeza ataimirira modabwitsa, miyendo yakutsogolo ataitambasula, ziboda zikutentha ngati njerwa za mu uvuni. Mkulu wina wa matonga anandiuza kuti ndamuotcha ndi chakudya. Tinamuimika m'ngalande ya madzi, tchana n'kumachepetsa dzanja limodzi limodzi mpaka tinapeza muyezo wake. Anakhala zaka zambiri pambuyo pake. Ndinkazidziwa izi. Kungoti sindinaganize kuti waya ndi kavalo n'zofanana.

Vuto ndi lakuti kuyesako kumadya nthawi, ndipo Shagufta ali ndi mpunga wopeta, zogona za alendo, uthenga wotumiza kumudzi. Ndinati ine ndikhala pampando. Tanveer pafoni anati, "Apatse, iwe. Ndani wina m'banja mwathu amene angayang'ane chinthu chimodzi tsiku lonse?"

Shagufta anapita kukhitchini, anabwera ndi mpeni. Anatokosa batani la kuphatikiza pa kiyibodi mpaka linazuka. Analimanga pa ngodya ya mpango wake.

"Kuchotsera kokha, Ababa. Kamodzi. Mwamva? Kamodzi."

Ndinati ndamva, mwana wanga.

Lachiwiri, 14 Juni

Ntchito yanga ili chonchi. Kuyatsa. Sikirini ya buluu. Mzere uja. Kuchotsera kamodzi. Kusunga. Likadzuka ndimadina kachithunzi ka lawi la moto kamene Shagufta wandiikira pakati, ndiko kamalisenzetsa katundu. Pakona pali nambala ya kutentha. Ndimaiyang'ana. Ikapirira mpaka mthunzi wa ndimu usunthe kuchoka pa mpopi kufika pa sitepe, ndimayambiranso.

Poyamba nambala inkathamangira m'ma nainte, fani ikukuwa. Ndinkagwira mpando. Koma silinazime.

Magetsi anapita masana monga mwa masiku onse. Ndinakhala mumdima wa chipinda, thukuta, osachoka. Atabwera ndinayambiranso pomwe ndinasiyira.

Fida anabwera kudzatenga chitsulo chake. Anasuzumira.

"Ndiye akuti ukuchita chiyani?"

"Ndikutsitsa volteji."

"Kutsitsa! La haula. Anthu akulipira kuti ikwere, iwe ukutsitsa. Ukalamba wakulowa m'mutu, Nawaz."

"Khala pansi uone, mbuzi ya mawaya iwe."

Anakhala. Ndinadina kuchotsera iye akuona. Titalisenzetsa katundu, nambala ya kutentha inaima mmunsi mwa pamene inaima poyamba. Anavala magalasi, anayandikira, anaika chikhatho pabokosi.

"Likugwira ntchito yomweyo?"

"Yomweyo."

"Ndi chakudya chochepa?"

"Ee."

Kenako anati, "Usauze makasitomala anga." Anaiwalanso chitsulo chake.

Pofika madzulo fani yasiya kukuwa. Ikungopuma.

Lachitatu, 15 Juni

Alendo ayamba kufika. Achemwali a malemu awiri ochokera kumudzi, ndi ana awo. Kulira pakhomo, kenako tiyi. Ndinawalonjera n'kubwerera kuchipinda. Ndinamva mmodzi akufunsa kuti alamu akutani m'menemo tsiku lonse. Shagufta anati akugwira ntchito.

Ndinatsitsa kawiri m'mawa, zonse bwino. Kachitatu, nditangodina kalawi kaja, zonse zinauma. Kamuvi osasuntha. Nambala osasintha. Fani ikuzungulira koma bokosi lili ngati maso a munthu amene wachoka.

Sindinagwire kanthu. Ndinapita pakhomo la khitchini n'kuima. Shagufta anali ndi ufa mpaka m'zigongono. Anandiyang'ana, anasamba, anabwera.

"Musaope, Ababa. Achimwene ananena. Mwafika pansi pake. Tsopano tibwerere kamodzi."

Analizimitsa, analiyatsa, sikirini ya buluu inabwera. Nambala inali 1.17. Tonse tinayang'ana pa kiyibodi, pa dzenje pamene panali batani lija. Anamasula ngodya ya mpango. Analibwezera, linati kete. Ndimayesa adina yekha. Anachotsa dzanja.

"Dinani."

Ndinadina. Kamodzi. Chala chinkafuna kubwereza, ndinachimva. Ndinachibweza n'kuchiika pabondo.

Anati tiwonjeze kamodzi kena kuti likhale ndi popumira, ntchito ya kusefa ndi yaitali. Ndinamufunsa ngati akutsimikiza. Anaseka, koyamba chichokereni amayi ake. Anadina yekha.

Tinalisenzetsa katundu, linapirira. Titapemphera swala ya masana anayambitsa kusefa. Ndinapempha Mulungu za magetsi, chinthu chimene sindinamupemphepo. Kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda. Kanadutsa pamene kankafera masiku onse. Ndinakhala. Ana ankasuzumira pazenera, ndinawathamangitsa. Magetsi anaphethira kamodzi, koma batire la nyumba, limene limapirira kanthawi kochepa chabe, linagwira. Dzuwa likulowa kamzere kanafika kumapeto.

Shagufta anati timvere. Ndinati mawa. Sindikudziwa chifukwa chake. Ndikuopa kuti ndikamva sindiwazindikira.

Lachinayi, 16 Juni

Chelumu. Ophika afika ndi miphika yawo kusanatenthe, akusonkha moto mumsewu. Ndikulemba izi msanga anthu asanadzaze.

Titapemphera m'mawa Shagufta anandikoka dzanja, anatseka chitseko. Awiriwiri. Anayatsa.

Chithunzi chomwe chija. Mpango wobiriwira. Koma phokoso lapita kutali, ngati lili kutsidya kwa mtsinje. Ndipo pamwamba pake, kamawu. Kochepa, kopyapyala, konjenjemera pang'ono pokwera. Akuimba za mayi wa mkwati amene wasesa bwalo kawiri chifukwa mpongozi akubwera.

Ndi iwo. Ndinawazindikira asanamalize liwu loyamba. Jindan. Dzina limeneli sindinkalitchula, kwathu mwamuna satero, koma ndalilemba.

Anaimba ndime imodzi, amayi ena akuyankha. Pakati pa ndime yachiwiri anasiya. Anatembenukira kukhomo la panja, nkhope itakwinyika mmene inkakwinyikira, dzanja m'chiuno.

"Bambo a Tanveer! Inu bambo a Tanveer! Tsitsani chinthucho! Mukufuna tigonthe? Sitikumvana kuno!"

Amayi onse m'chithunzimo anaseka.

Chimkuzamawu chija ndinabwereka ndine. Ndinachimangirira pa denga, ndinapotokola mpaka pamapeto kuti msewu wonse udziwe kuti mwana wa Rab Nawaz akukwatira. Tsiku limenelo sindinawamve akuitana. Ndinali panja, pafupi nacho.

Shagufta anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka, sindikudziwa ngati kunali kuseka kapena kulira. Pa kanema iwo anapukusa mutu, anati kwa mchemwali wawo, motsitsa, "Samva amenewo," n'kuyambiranso nyimbo.

Mawuwo ndi ochepa kwambiri. Makutu anga ndi okalamba. Shagufta anaika dzanja pa kachitsulo ka sipika.

"Ndikweze, Ababa?"

Panja Fida anali akuitana kuti Nawaz tuluka, ophika akufunsa za mchere.

Ndinati ayi, usiye pomwepo. Ndinakoka mpando, ndinasendera, ndinaika khutu pafupi ndi sipika.

"Bwezera pamene akundiitana paja."